Tchire n'la tonse, koma m'mawa ndi wa amene walawirira

Awerengi anga, sabata ino ndidati ndikambe za mitengo ya mbatata ya kachewere pa msika wa pa Kalomwe, koma mlandu umene ndidaumvera Lachiwiri pa bwalo la anyakwawa ena kuno kwathu wandikaniza tulo. Za mbatatazo ziyambe zadikira. Lero tikambe za kutchire.

Nkhani yake ili motere. Mkulu wina ali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, ndipo chaka chino ntchenzi zamuonetsa zakuda. Chimanga chikangoti chafika m'chiuno, m'mawa amakachipeza chili pansi, zitachitema m'tsinde ngati wadutsapo ndi chikwakwa. Mkuluyo sadapupulume. Adatha sabata yathunthu akuzungulira bango la kumunsi kwa dimbalo, kuwerenga tinjira ta ntchenzizo, pamene zimatulukira usiku ndi pamene zimakabisala kukacha. Atakhutira, Loweruka tambala woyamba atalira adadzutsa anyamata ake awiri, natenga ukonde, zibonga ndi agalu. Adatchera ukondewo kumunsi kwa bangolo, anyamata adakhala wina uku wina uko, agalu ali pachingwe, onse ali chete kudikira kuti kuyere.

Tsoka ilo, m'mawa womwewo mkamwini wa pamudzipo naye adadzuka ndi maganizo a ntchenzi zomwezo. Mkamwiniyu kwawo ndi kutsidya kwa malire, cha ku Dedza, ndipo adakwatira mwana wa mlongo wake wa mkulu uja miyezi ingapo yapitayo. Iye sadatenge mkondo kapena chibonga. Adangoti akazonde kaye, aone pamene nyamazo zimadutsa, kuti sabata inayo adzapite ndi zida. Adanyamuka ndi kagalu kake, foni ikuimba m'thumba, nalowa m'bangomo cha kumtunda, kumene mphepo imachokera.

Ntchenzi zitamva fungo ndi phokoso zidabalalika n'kutulukira m'mbali, kutali ndi ukonde. Agalu a pachingwe adayamba kuwuwa. Mnyamata mmodzi ataona bango likugwedezeka pafupi naye sadafunse, adangoponya chibonga. Chidakatera pamwamba pa diso la mkamwini. Pamene ndikulemba pano bamboyo ali ndi ulusi wa kuchipatala pamphumi, diso lidapulumuka mwa chisomo chokha, ndipo banja limene silinathe ndi chaka chomwe likugwedezeka, pakuti kwawo kwa mwamuna akuti mwana wawo amafuna kumuphera kuchikamwini.

Pa bwalo paja mkamwiniyo adayankhula mawu amene ndikufuna tiwaganizire bwino. Adati, "Mfumu, ine sindimasaka. M'manja mwanga mudalibe kanthu. Ndimangoona chabe. Nanga dambo lija n'la munthu? Kodi kuona n'kulakwa?" Anthu ambiri, makamaka achinyamata, adavomera ndi mitu.

Tinene zoona, pa mawu akuti dambo si la munthu bamboyo sadaname. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa. Lamulo la malo la mu 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo amene akhalapo monga mwa mwambo wawo, ndipo malowo si minda yokha ayi, komanso nkhalango, mabusa ndi potunga madzi. Tsono dimba lili ndi mwini, koma bango la kuseri kwake ndi la mudzi wonse. Amayi amamwetako udzu, abusa amamwetsako ng'ombe, ana amakumbako mbewa. Palibe amene angaikepo chitseko.

Koma abale anga, mtsinje nawonso si wa munthu. Nanga n'chifukwa chiyani mwamuna woleredwa bwino akamayandikira padooko amaima patali n'kufuula kuti, "Kumadziko!" kenaka n'kudikira mpaka amuyankhe kuti adutse? Kodi iye sakudziwa kuti madzi ndi a tonse? Akudziwa. Koma akudziwanso kuti amene wafika poyamba n'kuvula ali ndi kanthawi kake kamene tonse tiyenera kukalemekeza. Kutchire n'chimodzimodzi. Malo ndi a tonse, koma m'mawa umenewo udali wa amene adalawirira. Kuona si kulakwa, koma kuli nthawi yake yoonera.

Ndisamveke ngati ndikunyoza kuzonda. Mlenje weniweni nyama amaipha ndi maso asanaiphe ndi chibonga. Wodziwa akafika pa bango n'kupeza mapesi odulidwa mopendekera, tizidutswa take titaunjikana pamodzi ndi ndowe, amadziwa kuti apa ntchenzi idakhala pansi n'kudya. Akapeza fumbi lopalasidwa m'mbali mwa munda wokololedwa, muli tinthenga, amadziwa kuti nkhwali zimasamba pamenepo. Kalulu masana amagona pa chiputu cha udzu, ndipo ngati palibe womusokoneza amabwerera malo omwewo. Ngakhale mwana wokumba mbewa amadziwa kusiyanitsa una wamoyo, umene uli ndi dothi latsopano ndi kanjira kosalala, ndi una wakufa umene kangaude wamangapo kale nyumba. Zonsezi munthu amaziphunzira poyenda ndi poyang'ana. Amene sazonda amabwerako ndi zisoso ku miyendo basi.

Vuto ndi lakuti wozonda amadziyesa wosalakwa chifukwa m'manja mwake mulibe chida. Amaiwala kuti nyama siziopa chida, pakuti sizichidziwa. Zimaopa fungo la munthu, mgugu wa mapazi, kuthyoka kwa kamtengo ndi kununkhiza kwa galu. Zimenezi wozonda amayenda nazo zonse, ndipo kawirikawiri amaposa nazo wosaka, chifukwa wosaka amakhala duu pamalo amodzi pamene wozonda amapondaponda ponseponse, kusuzumira uku ndi uku. Munthu mmodzi wongoona angathe kuononga m'kanthawi kochepa ntchito imene mnzake waikonza sabata yathunthu.

Ndipo taonani kusiyana kwa anthu awiriwa. Wozonda akabwerera lero, sataya kanthu. Mauna sathawa, ndowe siziuluka, tinjira ta m'bango tidzakhalapo mawa ndi mkuja. Koma wosaka akamusokonezera m'mawa wake, wataya tulo, wataya tsiku la kumunda, wataya ndiwo za ana, ndipo nyama zikadzidzimuka zimasintha njira kotero kuti ayambenso kuwerenga poyambirira. Pakakumana anthu awiri pa mlatho wa mtengo umodzi, amene alibe katundu pamutu ndiye amabwerera.

Akuluakulu ena amati mikangano yotereyi kale kudalibe. Mwina n'zoona, koma si chifukwa chakuti anthu akale adali angelo. Malo adali aakulu ndipo kusaka kudali ndi dongosolo. Dziko lino lidayamba kusakidwa kalekale, Achewa ndi Angoni asanafike. Zithunzi zofiira za Akafula zikadalipo m'mapanga a ku Chongoni, kutsidya kuno ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. M'nthawi ya agogo athu uzimba sumachitika mobisa. Uthenga umayenda m'midzi, tsiku limadziwika, aliyense amadziwa kuti mawa kuphiri lakuti kuli anthu ndi agalu. Mayi sakadapita kukatola nkhuni kumeneko, mbusa sakadalowetsako ng'ombe.

Lero zinthu zidasintha. Pa nthawi ya nkhondo, ambiri a ife titathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, minda yathu idamera tchire. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tidabwerera, tidalima, tidabereka, ana athu nawo adalima. Kuyambira pa Kalomwe mpaka ku Ulongwe, kapena kukhotera ku Domwe, maso amangoona chimanga, nyemba, mbatata ndi fodya. Tchire latsala m'timizere ta m'madambo, m'mapiri a miyala ndi kumanda, kumene munthu wanzeru sasakako. Nyama zikuluzikulu zidapita. Zimene tikulimbirana lero ndi mbewa, ntchenzi, akalulu, nkhwali ndi mbira za m'matanthwe. Anthu achuluka, malo achepa, ndiye mapazi ayenera kupondana. Pamene pathina m'pamene pafunika ulemu wambiri.

Musaganize kuti ndi ife tokha. Ku America, m'chigawo cha Arizona, alenje adayamba kumangirira makamera m'mitengo pafupi ndi pomwera nyama kuti makinawo aziwazondera usana ndi usiku. Makamera adachuluka, eni ake amapitapita kukaona zithunzi, uku akusokoneza nyama ndi anzawo amene ali pakati posaka. Madandaulo adakula mpaka akuluakulu oona za nyama kumeneko adaletsa kugwiritsa ntchito makamerawo posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022. Anthu a mfuti zodula ndi magalimoto, koma mlandu wake womwewu wa pa dambo lathu.

Tsono tichite bwanji? Ine si mfumu, koma zimene ndidaphunzira kwa akuluakulu ndi izi.

Choyamba, kuzonda kumayambira pamudzi, madzulo. Nkhanga zidapangana kusanache. Usanagone funsa kuti, "Kodi mawa kudambo la kumunsi kuli anthu?" Funsa abusa, pakuti palibe chimene chimachitika kutchire iwo osachidziwa. Funsa anyakwawa. Mawu amenewa salipiritsa. Safunsa adadya phula, ndipo mkamwini wathu uja phula lake adalidyera pamphumi.

Koma apa wosaka nayenso ali ndi mbali yake. Alenje ambiri amabisa ulendo wawo poopa kuti ena awatsogolera kapena awachita zamankhwala. Palibe amene akukukakamiza kuulula chitsamba chimene kalulu wagona. Koma kunena kuti, "Mawa m'mawa bango la kumunsi kwa dimba langa muli ukonde, anthu alambalale," sikukuchotsera kanthu. Ukabisa zonse, usadabwe munthu akakugwera.

Chachiwiri, sankha nthawi. Nyama zambiri zimayenda m'bandakucha ndi chisisira, ndipo nthawi zomwezo ndi zimene wosaka amadikira. Wozonda apite dzuwa litakwera, anthu ataweruka kumunda. Ndikudziwa kuti wina anena kuti mapazi amaoneka bwino pa mame. N'zoona. Koma mame amagwa tsiku lililonse nyengo yake, ndipo ungathe kusankha m'mawa umene wafunsa n'kumva kuti kulibe munthu. Zina zonse, mauna, ndowe, mapesi odulidwa ndi pogona kalulu, zimaoneka bwino lomwe masana.

Chachitatu, werenga zizindikiro za anthu monga umawerengera za nyama. Munthu amene angathe kuona phazi la nkhwali pa fumbi sanganame kuti sadaone mapazi a amuna atatu pa mame. Njinga yobisidwa pa chitsamba, mfundo yomangidwa pa udzu m'mbali mwa njira, kamtengo kozikidwa pa una, chulu cholambulidwa n'kufoleredwa nyengo ya ngumbi, kulira kwa agalu, zonsezi ndi mawu akuti pano pali mwini. Ukaziona bwerera, kapena pita mbali ina. Phiri silikhala ndi mbali imodzi.

Chachinayi, ngati wagwera anthu mosadziwa, usabisale ndipo usakwawe. Apa m'pamene pali imfa. Munthu wochita manyazi amati ndizembe mwakachetechete asandione, n'kuwerama m'udzu, osadziwa kuti akudzisandutsa nyama. Kumbukirani mbewa ya manyazi kumene idafera. Ima chilili pamalo poonekera, tsokomola kapena imba kaluzu kamodzi, dikira akuone. Akakulozera ndi dzanja kumene udzere, dzera komweko osatsutsa. Usadutse kutsogolo kwa ukonde kapena pakati pa agalu ndi eni ake. Dzera kumbuyo kwawo, mbali imene mphepo ikupita, kuti fungo lako lisalowe kumene kuli nyama. Ngati sukudziwa kumene mphepo ikulowera, tapa kafumbi kapena kaphulusa n'kukawaza m'mwamba. Moni wautali ndi nkhani za matenda a kumudzi mudzakambirana madzulo.

Ku America komwe kuja, m'zigawo zambiri lamulo limakakamiza mlenje kuvala chovala chowala cha mtundu wa lalanje nyengo yosaka ndi mfuti, kuti mnzake amuonere patali. Ife lamulo lotero tilibe, koma nzeru yake tingabwereke. Wopita kukazonda asavale zofanana ndi udzu wouma. Chipewa chowala kapena malaya oyera sizingathawitse una wa mbewa.

Ndipo inu anyamata a zibonga ndi malegeni, mverani. Udzu ukagwedezeka si ndiwo. Chida sachiponya pa chinthu chimene maso sanachione mutu ndi mchira. Kalulu akakupulumuka udzapeza wina, koma diso la munthu siligulidwa pa msika, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Chachisanu, galu atsale kunyumba. Galu sadziwa kuti lero mbuye wanga akungoona. Iye akamva fungo amathamangitsa basi, ndipo akakumana ndi agalu a eni ake pamabuka nkhondo imene imathera kwa anthu. Foni nayo izimitsidwe. Nyimbo za m'thumba zimamveka patali kuposa mmene mwini thumba amaganizira, makamaka m'mawa kudambo kuli zii.

Chachisanu ndi chimodzi, msampha wa mwini saugwira. Apa ndiulule tchimo langa. M'chaka cha 1987, ndili mnyamata, tidali othawa nkhondo m'mudzi wina ku Dedza. Ndiwo zidali zosowa, ndipo ife ana a kuno tidali kuyendayenda m'minda ya eni ake kufunafuna pamene tingatchere. Tsiku lina ndidapeza madiwa atandandalikidwa m'mphepete mwa munda wokololedwa. Sindidafune kuba, Mulungu ndi mboni. Ndidangofuna kuona nyambo imene mwini wake amaika. Nditangoweramira limodzi n'kukhudza kamtengo, diwa lidagwa. Ndidayesa kulitcheranso koma lidakhala mopotoka, ndipo ndidathawa.

Madzulo kudamveka odi pakhomo pa kanyumba kathu. Adali agogo ena a m'mudzimo, atatsata mapazi anga. Mayi anga adanjenjemera, poti tidali alendo m'dziko la eni. Koma agogowo sadakalipe. Adandiitana nati, "Mdzukulu wanga, diwa la mwini saliweramira. Ngakhale ulipeze lopanda kanthu, mwini wake akaona phazi lako adzati mudali mbewa ndipo wachotsa ndiwe. Udzalipira mbewa imene sudaione." Atatero adandifunsa ngati ndimadziwa kutchera. M'mawa mwake adanditenga, adandionetsa nyambo ija ndidaifuna, nandilozera tsidya lina la khwawa kumene kudalibe wotchera. Chimene ndidalephera kuchipeza mozemba ndidachipeza chonse chifukwa cha odi wa munthu wina. Mpaka lero ndikaona msampha m'njira ndimaulambalala ngati njoka.

Chachisanu ndi chiwiri, nyama yothawa kwa anzako si mwayi wako. Zimachitika kuti uli chiimire patali, kalulu wovulala kapena wotopa ndi agalu a eni ake n'kudzagwa pamapazi ako. Mwambo wa makolo ndi wodziwika: nyama ndi ya amene adayamba kuilasa, ndipo wothandiza kutsiriza amapatsidwa gawo, kawirikawiri mwendo. Igwire, uimirire pomwepo, uitane eni ake. Mlenje waulemu sangakubweze chimanjamanja. Koma kuilowetsa m'thumba n'kumati ndatola ndi kuba kopanda dzina lina.

Chachisanu ndi chitatu ndi moto. Pali anthu amene kuzonda kwawo ndi machesi. Amati udzu watalika, mauna sakuoneka, ndiye ndiotche kuti ndidzaone bwino mawa. Munthu wotere saganiza kuti m'udzumo mungakhale mnzake atabisala, ukonde wa wina, misampha, kapena ana okumba mbewa. Mphepo ya mu Seputembala ndi Okutobala simvera munthu. Moto woyatsira mbewa zosadzaza ndi m'mbale momwe watha udzu wofolera nyumba, msipu wa ng'ombe, mitengo yobzala, nthawi zina nkhokwe ndi nyumba zomwe. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1999 lidaika chilango cha kundende mpaka chaka chimodzi, pamodzi ndi chindapusa, kwa munthu woyatsa dala moto n'kuononga mbewu, nkhalango kapena tchire. Malamulo a nkhalango adakonzedwanso pambuyo pake, koma kuotcha mwachisawawa sikudaloledwe. Ngati tchire liyenera kupsa, lipse mudzi utapangana, anthu ataima ndi masamba m'mbali.

Chotsiriza ndi pakamwa. Wozonda amaona zambiri, ndipo zina mwa izo ndi zinsinsi za anzake. Ukaona pamene mnzako watchera kapena pamene wapeza nkhwali, usakalengeze pa mowa. Usadzukenso usiku kuti ukamutsogolere pamalo amene iye wawavutikira. Lero ukachita zimenezi n'kuseka, dziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Komabe ndisakondere. Alenje ena nawo ndi adyera. Munthu n'kumanga mfundo dambo lonse, kuzika timitengo pa mauna makumi awiri, ngati kuti adagula. Ayi. Chizindikiro ndi cha ntchito imene uli nayo m'manja, ya lero ndi mawa. Mfundo ikauma, kamtengo kakagwa, mwini osaoneka, malowo abwerera kwa onse. Ukamaliza kusaka masula mfundo zako ndipo chotsa misampha yako, makamaka ya waya, imene ikaiwalika imagwira mbuzi, agalu ndi miyendo ya ana. Ndipo wina akakufunsa mwaulemu kuti mutha liti, muyankhe mwaulemu. Ulemu wa kutchire uli ngati mtolo wa denga, sausenza munthu mmodzi.

Mawu ena apite kwa ife a m'malire. Malire awa adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lawo la mu 1891, ndipo kalulu sadauzidwe. Amadya kuno n'kukagona uko. Ifenso timakwatirana, timaikana maliro, timagulitsana pa msika umodzi. Koma mlendo ndi mlendo. Ukafuna kukazonda tchire la mudzi wina, kaya ndi mbali ino kaya ndi ya ku Malawi, yamba waonekera kwa eni mudzi, ndipo ngati n'kotheka yenda ndi mwana wa pamenepo. Dziwanso kuti phiri la Dedza ndi nkhalango ya Chongoni ndi malo otetezedwa ndi boma la Malawi. Akakupeza m'menemo ndi galu, mawu akuti ndimangoona sadzakuombola. Kuno kwathunso kusaka nyama zokulirapo monga gwape kuli ndi malamulo ake a chilolezo ndi nyengo zoletsedwa, ndipo wofuna kudziwa akafunse ku maofesi a boma ku Ulongwe asanasule mkondo.

Tibwerere ku bwalo kuja. Anyakwawa atamva mbali zonse adafunsa mafunso atatu okha. Adayamba ndi mkulu wa dimba. "Inu bambo, Lachisanu madzulo mudauzako ndani kuti m'bango muli ukonde?" Mkuluyo adayang'ana pansi nati sadauze munthu, ngakhale mlongo wake amene. Adatembenukira kwa mnyamata. "Iwe, pamene umaponya udaona chiyani?" Mnyamata adati adaona bango likugwedezeka. Anyakwawa adati, "Kodi kwanu bango mumadyera nsima?" Anthu adaseka, koma mnyamatayo misozi idalengeza.

Kenaka adafunsa mkamwini. "Nanga inu akamwini, mwati mumakawerenga mapazi a ntchenzi. Pa njira ya kudambo, mame adali osagwedezeka?" Bamboyo adakhala chete kanthawi, kenaka adavomera kuti adaona kuti padutsa anthu ndi agalu, koma adaganiza kuti poti iye sakusaka palibe kanthu.

Chigamulo chidali chotere. Banja la mkulu wa dimba libweze ndalama zonse zimene mkamwini adaononga pa ulendo wa kuchipatala, ndipo mnyamata apepese pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pakuti magazi ndi magazi. Mkamwini naye apereke nkhuku kwa atsibweni a mkazi wake chifukwa cholowa popanda odi. Ndipo chilonda chikapola, anthu awiriwa adzapite limodzi kudambo komweko, wina ndi ukonde wina ndi kagalu kake kaja, nyama yoyamba idzadyedwe pa mbale imodzi.

Ena adang'ung'udza kuti munthu wovulala salipa. Ine ndikuti anyakwawa adaweruza bwino. Chilonda chidalipiridwa, koma m'mawa umene udaonongeka nawonso udali ndi mwini.

Pobwerera ndidadzera kudimba kuja. Masiku onse amene anthu amathamangira kuchipatala ndi kubwalo, ntchenzi zidapeza mpata. Mizere inayi ya chimanga ili pansi.

Tikumanenso sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino, tidzakambe za mbatata zija. Ndatha ine wanu wa pa Kalomwe.